Dzina la Adzukulu a ku Mangalande

Pamene ndinkakhala ndi pakati kachitatu ndinali nditaika kale ana awiri m'dothi lozizira la ku North York, dera la mzinda wa Toronto ku Canada. Zinali zaka za m'ma 1970. Bambo a kunyumba ankaphunzira ku yunivesite, ine ndinkasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba. Amalawi tinali owerengeka, ntchembere yondilimbitsa mtima panalibe. Mantha ndinkagona nawo, kudzuka nawo.

Pakati pa nkhalambazo panali agogo ena aamuna ochokera ku Mangalande, osachezeredwa ndi munthu ndi mmodzi yemwe. Dzina la makolo awo linali lachilendo moti azungu anzawo ankachita kulifunsa kawiri. Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinawafunsa tanthauzo lake, pajatu kwathu dzina silibwera chabe.

Anandiuza kuti kwawo kalekale munthu ankatchedwa ndi ntchito yake. Makolo awo anali adzukulu a m'mudzi. Ankakumba manda, kenako n'kumayenda patsogolo pa maliro akuliza kabelu kuti anthu apatuke. Anthu ankawafuna tsiku la zovuta lokha. Ntchitoyo inatha, dzina n'kutsala, koma ambiri analitaya chifukwa cha manyazi. Anati mu Toronto monse otsala nalo anali iwo okha.

Pomwepo ndinakumbukira mwambo wathu. Kwathu ku Dedza, mayi amene ana ake akungopita amapatsa wotsatira dzina la kumanda, kuti imfa ikafika iziyesa kuti uyu ndi wake kale, ipitirire. Amayi anga anatero ndi mlongo wanga, ndipo anakula. Bambo a kunyumba anali atandikaniza kale zimenezi, ati n'zachikunja, anzawo a kutchalitchi angawaseke. Koma nditawauza za dzina la Chingerezili anavomera, ati limenelo palibe angalitulukire. Ndiye kuti nawonso mantha ankawadya, kungoti ophunzira amabisa.

Mwana anabadwa m'nyengo ya chisanu, wamwamuna, ndipo tinamubatiza ndi dzinalo. Atakhwimako ndinamukulunga m'mabulangete n'kukwera naye basi kukamuonetsa kwa eni dzina. Ndinkaona ngati ndawatengera mphatso yaikulu.

Agogo aja anagwira kachala ka mwana akumwetulira, nafunsa kuti ndani ameneyu. Ndinatchula dzina lija monyadira. Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kulibisa pansi pa nsalu yofunda.

Apo ndi pamene anandiuza zimene anasiya tsiku lometa ndevu lija. Abale awo aamuna onse anapita asanamere ndevu. Abale a bambo awo chimodzimodzi. M'badwo uliwonse pankatsala mnyamata mmodzi, wongokwanira kunyamula dzina kukalipatsa ena. Iwo anakana kukwatira dala, ngakhale panali mkazi amene ankamukonda.

"Ndakhala ndekha moyo wanga wonse kuti lithere pa ine," anatero, maso ali kukhoma. "Mwana wanga, walidzutsiranji?"

Ndinayesa kuwafotokozera za kwathu, kuti dzina lotere limateteza. Anangopukusa mutu, ndipo sanamuyang'anenso mwanayo.

Pamalo odikirira basi ndinapisa dzanja m'mabulangete kuti ndimve ngati akupuma. Kuyambira tsiku limenelo dzinalo silinatulukenso pakamwa panga, koma kumuchotsera sindinayerekeze, chifukwa sindinkadziwa ngati likumubisa kapena likumudikira.