Mpando wa Apongozi ku Manyamula

Nditatumizidwa kukaphunzitsa kumpoto, ku Manyamula, matipate atangoyamba kumene, ndinapezako mnzanga wa kwathu ku Dedza, mphunzitsi nayenso, wokwatiwa komweko. Anali wofatsa moti nkhuku zinkamulanda chimanga m'manja. Mlandu wake unali umodzi: tsiku lofika pamudzi anapatsa apongozi ake aamuna moni wapadzanja, ali chiimire. Kumeneko mtengwa sayankhula ndi apongozi aamuna. Amagwada patali, mawu n'kudzera mwa wina.

Akuluwo sanaiwale. Kumaliro, kutchalitchi, ngakhale kuchigayo, nyimbo inali yomweyo: ng'ombe zawo za malowolo zinapita pachabe, mwana wawo akwatire wachiwiri wodziwa mwambo. Ine zinkandiwawa kwabasi, ndipo ndinkamukokera mnzangayo pambali kuti tsiku lina adzawayankhe. Iye ankangomwetulira, n'kumagwada kutali kuposa atengwa onse.

Loweruka lina akuluwo anaitanitsa abale kuti nkhani ya mkazi wachiwiri ithe. Ndinapita ngati wokathandiza kuphika, koma makutu anali kubwalo. Akuluwo anatchena suti yochokera ku Joni, n'kukhala pampando wawo wa ndalema patsinde pa mango. Mnzangayo anagwada cha kunkhokwe, maso pansi.

Nkhani itangoyamba kukoma, akuluwo anadzimenya pamwendo. Kenako pantchafu. Kenako anadzambatuka n'kuyamba kuponda pansi ngati ingoma yafika pakolasi. Linthumbu! Jekete uko, lamba uko, ndipo thalauza linatsala pakhomo eni ake akulowa m'nyumba. Alongo awo okalamba anaseka mpaka kugwa chagada.

Apongozi aakazi anathamangira kwa mnzangayo.

"Iwe mkamwana, sunaziwone nyererezo?"

"Ndinaziwona, amama, zikukwera nsapato."

"Mbwenu unangokhala chete?"

"Ine ndine yani kuti ndiyankhule ndi adada?"

Abale anagwedeza mitu, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe. Wina anati mkamwana waulemu chomene ngati ameneyu sanamuonepo. Nkhani ya mkazi wachiwiri inafera pomwepo, pakuti aliyense wofuna kuidzutsa ankayamba waphulika kuseka.

Tikutsuka mbale kuseri, ndinamuuza mnzangayo kuti Mulungu wamumenyera nkhondo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mpando uja ndinaika ndine," anatero. "Linthumbulo ndinaliwona m'mawa ndikusesa. Ndinamwaza timitu ta usipa pansi pake kuti lisasamuke."

Anayankhula ndi mawu ofewa omwe aja ankatsogolera nawo pemphero la ana kusukulu, n'kundipempha kuti ndimupatsire sopo. Ndinaseka, n'kumupatsira sopoyo. Tinaphunzitsa limodzi zaka zambiri, ndimamukonda mpaka lero, koma sindinayerekezepo kukangana naye, ngakhale pa kachidutswa ka choko.