Amayi Sankaidziwa Njira ya Kwawo

Amayi anabwera ku Mitundu pa lole ya esiteti, atakhala pansi pa lona pamodzi ndi matenanti anzawo, mapoto ndi nkhuku. Njira sanaione. Anakwera ku Ntcheu, n'kudzatsikira pafupi ndi chigafa cha fodya, ndipo sanabwererenso kwawo. Ine ndinabadwira pa esiteti pomwepo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 chifukwa fodya ankafuna manja omusoka. Bambo anali atatsatira mkazi wina kalekale. Za iwowo sindilemba.

Matenda atakula, amayi anandiitana.

"Iwe, podzandiperekeza kwathu uzidzandiuza njira. Dzanja pabokosi. Mlatho uliwonse, msika uliwonse, uzidzatchula. Galimoto ikaima, ponyamuka uzidzati tiyeni. Ukadzaiwala ndidzatsala pomwepo."

"Mwayambatu zanu."

"Wamva kapena sunamve?"

"Ndamva."

Anamwalira nyengo yozizira, fodya akupita kumsika. Malume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kudzatenga maliro. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo aka kanali koyamba kuwaona. Pa zaka zonse zimene amayi ankavutika sanabwereko, koma tsiku limenelo jekete anavala.

Esiteti inatipatsa galimoto yakale yopanda denga kumbuyo. Dalaivala anati tidulire msewu wafumbi wotulukira ku Nathenje. Ndinakhala pambali pa bokosi, dzanja pamwamba pake. Amayi a mpingo ankaimba, fumbi likuwalowa m'kamwa.

"Amayi, tanyamuka. Phiri la Bunda lija munkaliona polima latsala kumbuyo."

"Ukulankhula ndi ndani?" anafunsa malume.

"Ndi amayi."

"Zachikunja zimenezo. Mzimu uli kwa Mulungu. Umu ndi thupi chabe."

"Ndiye sizikukupwetekani, malume."

Ndinatchula kamlatho kalikonse, ngakhale kamatabwa. Kumene sindinkadziwa dzina ndinkangoti tikuwoloka madzi.

Titangogwira tala ku Nathenje, galimoto inafa. Dalaivala anagona pansi pake, n'kutuluka manja ali bii, akupukusa mutu. Malume anapeza galimoto ina, yaing'ono. Mayi wina wa mpingo anayamba chizungulire, ndipo malume anandituma kukagula madzi kutsidya kwa msewu. Pobwerera ndinapeza bokosi alisamutsa kale, anthu athithikana mozungulira, galimoto ikuyenda. Ndinathamanga ndi botolo m'manja.

"Malo atha. Ukwere minibasi, utipeza," malume anatero, akundibweza ndi dzanja ngati nkhuku.

Palibe amene anati tiyeni. Ndikudziwa, chifukwa ndinadzawafunsa onse.

Ndinabwerera pamene panaima galimoto yakufayo. Pansi panali dontho la oyilo. Pamenepo ndinamva fungo la fodya wamuwisi, la phula lija linkamatirira m'manja mwa amayi, losachoka ngakhale ndi sopo. Malole a fodya ankadutsa, inde. Koma fodya wa m'mabelo ndi wouma, ndipo mwana wa tenanti sangasokoneze ziwirizi. Ndinati, "Amayi, tiyeni," anyamata okazinga tchipisi akundiyang'ana. Dzanja ndinalibe poliika.

Mu minibasi ndinakhala pawindo. Nanenso njira sindinkaidziwa, choncho ndinkafunsa bambo wina wachikulire amene ananyamula tayala la njinga pamiyendo.

"Pano ndi pati, bambo?"

"Pa Kamphata. Phiri ilo ndi la Nkhoma."

Ndinkabwereza motsitsa mawu. Pa Kamphata, amayi. Mlatho wa Diamphwe, amayi. Kondakitala anandimva.

"Asisi, amayi anuwo alipira? Kapena muwanyamula pamiyendo?"

Anthu anaseka. Bambo uja anayang'ana mpango wakuda kumutu kwanga, n'kumuuza kondakitalayo kuti atseke pakamwa. Kuyambira pamenepo ankanditchulira malo ndisanafunse. Linthipe. Chimbiya.

Anthu amati msewu umenewu ndi wokongola. Ndi zoona, ndipo zinandikwiyitsa. Mapiri amiyala anangoti njo m'minda yokolola kale, ngati wina anawaika ndi manja. Ku Dedza nkhungu inatsika m'mitengo ya paini mpaka kugwira madenga a nyumba. Kenaka msewu unakwera pamtunda, dziko n'kutseguka mpaka kutali kumene maso amalephera. Pa Lizulu makabichi ndi kachewere zinali milumilu, ndipo bambo uja anati tsidya lina la msewu ndi Mozambiki. Zonsezi amayi anadutsamo ali pansi pa lona. Tsopano ndinkazitchula chimodzichimodzi osadziwa ngati alipo wondimva. Fungo lija linali litatsala ku Nathenje. Ndinanunkhiza manja anga, mpango, mpando. Panali dizilo ndi thukuta la anthu basi.

Ndinafika pasiwa dzuwa litapendeka. Maliro anali atafika kale. Mawa lake, adzukulu atanyamula bokosi kupita nalo kumanda, mmodzi anati kwa mnzake, "Koma lapepukatu ili."

"Anadwala nthawi yaitali," malume anayankha msanga.

Ku Mitundu amuna ankabuula ndi kulemera kwake polikweza. Ndinalipo.

Tinaika maliro. Azimayi analira mokwanira, ngakhale ambiri sankawakumbukanso nkhope. Abale anandiuza kuti ndikhale, kuno ndi kwanu, munda upezeka. Ndinapita kumanda kuja ndekha m'mawa wina, ngakhale sizololedwa, n'kuima pafupi ndi mtumbira. Sindinamve kanthu. Linali dothi lofiira ndi nkhata zofota.

Pobwerera ndinatsikira pa Nathenje. Ku esiteti sindinapitenso, nyumba ija anali ataipereka kale kwa tenanti wina. Panopa ndimagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene galimoto ija inafera. Ndafunsapo akuluakulu kuti munthu wotsala panjira amatengedwa bwanji. Wina anati utape dothi la pamalopo. Wina anati ukhadzule nthambi, uyende nayo osacheuka. Abusa ena anati ndipemphere n'kuiwala. Aliyense ali ndi zake, ndipo onse amalankhula ngati anafapo kale.

Fungo lija limabwera masiku ena, makamaka kukazizira. Ndimangosuntha pabenchi, kuwasiyira amayi malo. Ma minibasi a ku Ntcheu amaima apa tsiku ndi tsiku, makondakitala akuitana, ndipo njira tsopano ndikuidziwa yonse, mlatho ndi mlatho. Ndikhoza kuwaperekeza amayi mawa lomwe. Koma ndikakawasiya kumeneko, ndidzabwerera kuno ndekha, ndipo pa Nathenje ndilibe wina aliyense.