Makina a pampu anamizira mlonda

Lachiwiri lapitali ndili mkati mokonza inveta, chipangizo chosinthira magetsi a batire, m'kashopu kanga pa Boma ku Mwanza, analowa mayi Kamwendo, wapampando wa komiti ya madzi ya mudzi wina wa kwa Kanduku. Anamasula chitenje n'kuika pa tebulo kabokosi kachitsulo kamene kamayeza magetsi ochokera ku sola kupita ku pampu yawo.

"A Bonongwe, sitikufuna mukonze ayi," anatero. "Mungotilembera kalata yotsimikiza kuti makinawa akuonetsa kuba. Loweruka tili ndi msonkhano."

Nkhani yake inali yoti masana aliwonse manambala a pa kabokosiko ankalumphalumpha ngati wina walumikiza waya wake. Komiti inagwirizana kuti ndi mlonda, a Zuze, amene makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Akuti ankatchaja mabatire a anthu mozemba. Anali atawaimitsa kale ntchito, kwatsala kuwatengera kupolisi.

"Alipo anawaona ndi waya?" ndinafunsa.

"Makina anawaona."

Ndivomere pano, awerengi, kuti nanenso mumtima ndinati mwina n'zoona. Mlonda amakhala yekha kuchitsime, angamuletse ndani? Koma ntchito yanga inandiphunzitsa kuyamba ndakayikira chipangizo ndisanakayikire munthu.

M'kabokosimo muli mabolodi awiri, timatabwa tokhala ndi tizipangizo ta magetsi. Loyamba, lotchedwa ADC, limatapa muyeso wa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi n'kuusandutsa manambala. Lachiwiri, la FPGA, limalandira manambalawo n'kuwasunga. Kuti amvane, onse ayenera kutsatira kugunda kumodzi, kumene timati wotchi. Ganizani za anthu awiri opatsirana njerwa: wina akaponya mnzake asanatambasule manja, njerwa imagwa.

Ndinachotsa mawaya onse a kunja n'kulumikiza batire limodzi latsopano. M'shopu mozizira manambala anakhazikika bwinobwino. Pamenepo ndinayambiranso kuwaganizira a Zuze.

Kenako ndinakumbukira kuti vutolo limabwera masana. Ndinakaika kabokosiko pakhonde, padzuwa. Sipanathe ola, manambala anayamba kudumpha, pomwe panalibe pampu, panalibe sola, ndipo a Zuze anali kutali kwawo kumapiri.

Ndinalamula ADC kuti ileke kuyeza, ingowerenga motsatizana. Inkatumiza 1, 2, 3, 4, koma FPGA inkalandira 1, 2, 67, 4. Nditayang'ana ndi osilosikopu yanga yakale, makina oonetsa kugunda kwa magetsi pa galasi, ndinapeza chifukwa. Amene anapanga kabokosiko anapatsa bolodi lililonse wotchi yakeyake. Kukazizira, mawotchiwo ankayendera limodzi mwamwayi chabe. Kukatentha, ina inkatsogola pang'ono, ndipo FPGA inkawerenga nambala isanamalize kufika.

Ndinachotsa wotchi imodzi, mabolodi onse n'kumatsatira yotsalayo kudzera pa waya wamfupi. Kabokosiko kanakhala padzuwa Lachitatu ndi Lachinayi lonse osaphonya nambala ngakhale imodzi.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita kumsonkhano. A Zuze anakhala pa mwala paokha, chipewa chili pabondo. Ndinafotokoza zonse pang'onopang'ono, ndinaonetsanso kawotchi kamene ndinachotsa kaja. Anthu anapatsirana, aliyense akukatembenuza.

Bambo wina wa mukomiti anatsokomola.

"Ndiye mukuti makina ananama?"

"Eya, ananama."

"Nanga tidziwa bwanji kuti pano sakunama? Si inu nomwe mwawagwira?"

Mayi wina kumbuyo anawonjezera motsitsa mawu, koma ndinamva: "Afunseni, a Zuze awapatsa chiyani?"

Ndinali ndisanawaonepo a Zuze chibadwire.

Pamapeto pake mayi Kamwendo analengeza kuti mlonda abwerere pa ntchito, koma makiyi a kanyumba ka pampu azisunga wina. Palibe anapepesa. Ndikukankha njinga, a Zuze ananditsatira.

"Zikomo, bambo," anatero. "Ntchito ndipita Lolemba. Koma ana anga kusukulu akuwatchula kale kuti ana a wakuba magetsi. Chimenecho muli nacho chokonzera?"

Ndinalibe.

Chikundivutitsa n'chakuti anthu omwewa, amene anakhulupirira kabokosi tsiku limodzi pamene kankaloza mnzawo, anakakayikira nthawi yomweyo katamuyeretsa. Ndiye ankakhulupiriradi makina, kapena makinawo anangonena zomwe iwo ankafuna kumva kalekale? Mlondayo akanakhala mphwake wa wapampando, bwenzi ataganiza zomutengera kupolisi?

Ndipo amene anaika kabokosiko ali kuti? Anabwera ndi galimoto yoyera, anajambulitsa, anapita. Nambala ya foni imene anasiya siikupezeka. Anayesako chipangizo chawo pa dzuwa la ku Mwanza, kapena anangoyesera mu ofesi yozizira? Ndikukayikira.

Masiku ano mabokosi otere ali paliponse: pa zitsime, pa masikelo, pa zipata zolembera nthawi yofikira pa ntchito. Tikaona nambala pa galasi timatseka pakamwa, poganiza kuti chitsulo chilibe chidani ndi munthu. Chidani chilibedi. Koma chimatenthedwa, chimasokonezeka, ndipo chikalakwa sichichita manyazi.

Nthawi ina makina akadzaloza munthu kwanuko, adzakhalapo wopempha kuti ayambe ayesedwa makinawo, kapena nonse mudzakhala mutadziwa kale wolakwa?