Chitenje cha a Eneless pa gule wa mbale

A Eneless akhala akutchola tiyi pa esiteti ina ya ku Thyolo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anayamba ali kamtsikana kobereka dengu lokaposa msinkhu, ndipo pano zala zawo zinada ndi utomoni wa masamba moti sopo anazilephera. Makapitawo onse amawadziwira pakamwa. Ukangowanena kuti asakaniza masamba okhwima, amakuyalira mbiri ya kwanu yonse anthu akumva.

Mwana wawo womaliza, Tisungane, wa Fomu 2, anayamba kuphunzira gule wachizungu ku holo ya kalabu ya mabwana, komwe a Cathy, mphunzitsi wochokera ku Limbe, amabwera kamodzi pa sabata. Guleyo amati bale. A Eneless anamva ngati mbale, ndipo mpaka lero amati gule wa mbale. Sanalabadire kufikira tsiku lomwe a Magdalena, oyandikana nawo ku malayini, nyumba za antchito, anawafunsa pampope ngati kunyumba kwawo nsalu zinatha, poti mwana akuonetsa ntchafu kwa mabwana. Amayi onse otunga madzi anaseka.

Tsiku la chionetsero cha guleyo, masana, a Eneless anapinda chitenje chatsopano n'kuchiika m'jumbo. Anatsimikiza mtima kuti akamufunditsa mwanayo, akamukoka dzanja, ndipo guleyo athera pomwepo.

Pageti, a Yesaya, mlonda, anawauza kuti azungulire kukhichini. A Eneless anawakumbutsa kuti yunifolomu si umanijala, n'kudutsa pakhomo lakutsogolo. Mkati akazi a mamanijala anayang'ana mapatapata awo, n'kuyamba kuika zikwama pamipando yopanda anthu. A Eneless anakakhala kumbuyo, jumbo ili pamiyendo.

Nyimbo inatuluka mu sipika, yopanda ng'oma, yopanda wotsogolera ngakhale ovomera. Panatuluka atsikana asanu atavala timasiketi touma, totambasuka ngati mbale yovundikira. A Eneless analuma mano. A Magdalena sananame.

Kenako enawo anachoka, Tisungane n'kutsala yekha. Anaima pansonga za zala, anazungulira katatu, kanayi, osapepesuka. A Eneless amadziwa ululu woima pamtsetse tsiku lonse zala zitakanda dothi, ndipo anaona katumba wa mwendo wa mwana wawo akunjenjemera, thukuta likutsikira m'khosi. Anacheuka kuyang'ana anthu. Munali zii ngati pamaliro. Palibe woomba m'manja, palibe wolulutira, palibe wodzuka kukafupa. Bwana wina ankadina foni. Kwawo ku Thekerani, mwana atavina tchopa chonchi, bwalo lonse likanaimirira. Apa anthu okhuta anangopinda manja, kumuonerera ngati mbuzi ya pamsika.

Ukali wawo wonse unatembenukira kwa anthuwo. Analiza nthungululu yomwe inamiza sipika, anadutsa pakati pa mipando, anakwera pansanja, n'kuyala chitenje chija pamapazi a mwana wawo, monga amayalira mkwatibwi.

Matabwawo anali opaka polishi. Tisungane anali atadumpha kale. Anatera pansaluyo, nsalu inatsetsereka, iye n'kugwera chigongono. Wina anaseka. Mayi wina wa kutsogolo anafunsa mokweza kuti amalowetsa aliyense bwanji. A Cathy anazimitsa nyimbo, ndipo a Yesaya anabwera kudzatulutsa a Eneless, akumwetulira ngati walandira mphoto.

Pobwerera, Tisungane anayenda patsogolo m'kanjira ka pakati pa tiyi, atagwira chigongono. Amayi ake anamufotokozera kumsana kuti anthuwo ndi opanda ulemu, sanaombe m'manja ngakhale kamodzi. Iye anayankha osacheuka kuti pa bale amaomba pomaliza, ndipo iye sanamalize. Atafika pamlatho anaima.

"Amayi, mwezi wamawa ndikuvinanso. Musadzabwere."

A Eneless, amene sanagonjerepo kapitawo aliyense, anakunkhumula chitenje, n'kumupatsa kuti amangire mkono.

M'mawa pampope a Magdalena anayamba kufunsa ngati ntchafu zija anaziona. A Eneless anatula ndowa.

"Ndaziona. Inuyo imani ndi zala pomwepo, tiwerenge, tione ngati mungafike pawiri."

Tisungane amavinabe. A Eneless sanapondenso ku kalabu, ndipo a Yesaya sawapatsa moni.