Chuni cha Tsekwe Wotsimphina

Khoma lolekanitsa nyumba yanga ndi ya Winifred Gossage linali lopyapyala moti iye akayetsemula kwake, ine ndinkamupepesa ndili kwanga. Tinakhala choncho zaka makumi anayi mu msewu wa Malthouse, iye ndi piyano yake, ine ndi zochapa za anthu. Ndiye ndikamati nyimbo ija mumaimva pa wailesi, ija ana asukulu amaimba ataima njo, ndi yabodza, musandiyese wamisala. Ndinalipo pamene inkabadwa. Inabadwa Lachitatu masana, mwini wake dzino likumuwawa.

Winifred ankagulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima. Anali wamtali, woonda, wosakwatiwa, wa chipewa chimodzi chomwecho chaka ndi chaka. Sankadziwa kunyengerera. Ukamufunsa ngati diresi lakukhala, ankakuuza zoona, n'chifukwa chake anzake tinali owerengeka. Akaweruka ku ntchito ankaimbira piyano kagulu ka zisudzo ka m'tauni mwathu.

M'chaka cha 1936 kaguluko kanafukula sewero la zaka mazana atatu, la mtsikana wantchito amene bwenzi lake analigwira n'kupita nalo ku nkhondo ya panyanja. Pakati pa sewerolo mtsikanayo amaimba. Tsono olemba masewero a nthawi imeneyo anali ndi chizolowezi chosowetsa mtendere. Ankalemba mawu a nyimbo okha, m'mbali n'kuikamo dzina la chuni, poti aliyense mumsewu ankachidziwa. Apa analemba kuti, imbani pa chuni cha Tsekwe Wotsimphina. Koma tsekweyo anali atafa kalekale pamodzi ndi onse omudziwa.

Kutatsala masiku awiri kuti sewero lionetsedwe, mkulu wa kaguluko anauza Winifred kuti, "Ingoikanipo chilichonse, mayi Gossage. Adziwa ndani?"

Anakhaladi pa piyano, tsaya litatupa. Ine ndinkasita kuseri kwa khoma ndipo ndinamva zonse. Mzere woyamba anautenga kwa bambo wina amene ankadutsa ndi ngolo akuitanira malonda a nsomba. Wachiwiri unali kulira kwa geti langa, limene malemu mwamuna wanga anamwalira asanalithire mafuta. Zotsalazo linapeka ndi dzino. Atamaliza anagogoda khoma.

"Hilda, wamva?"

"Ndamva. Si uja wa nsomba ameneyu?"

"Ukauza munthu ndikupha."

Tsoka lake, chunicho chinakoma. Chinali chotsekemera ngati tiyi wothira shuga kawiri, ndipo amayi mu holo anatulutsa mipango. Pa kapepala kogawira oonera, mkulu uja analembapo kuti "chuni chakale". Winifred anakaona kapepalako, n'kukhala chete. Ndi bodza lokhalo limene ndikudziwa kuti analilola m'moyo wake, ndipo linamudya mpaka kumanda.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Kuyambira chaka chimenecho anayamba kusaka chuni chenicheni, kuti tsiku lina adzaime pamaso pa anthu n'kunena kuti, chija chinali changa, chenicheni ndi ichi. Antchito a njanji ankakwera sitima ulere, ndiye tsiku lililonse lopuma ankanyamuka ndi buledi ndi tchizi m'chikwama, ulendo wa ku malaibulale, ku matchalitchi a m'midzi, ku nyumba za anthu olemera kumene ankamulowetsera kukhomo la kukhitchini. Anandifotokozera kuti chuni chimasintha dzina ngati mkazi wokwatiwa katatu. Wina akachipekera mawu atsopano, chimatenga dzina la mawuwo, choncho umayenera kutsatira dzina ndi dzina chobwerera m'mbuyo. Chilichonse chimene wapeza ankachilemba pa timakadi n'kuika m'mabokosi a nsapato. Nkhondo inabwera n'kupita, mabokosi akungochuluka pansi pa bedi. Ine ndinkamuseka kuti anzake akufuna amuna, iye akufuna tsekwe.

Pamene iye ankatha nsapato choncho, bodza lija silinagone. Pa sewero lija, wokoka katani anali Eli Pugh, bambo wodula mipanda ya anthu, wa khosi losauma. Eli anaigwira nyimboyo n'kupita nayo ku bala, ndipo anaiimba kumeneko zaka makumi atatu, aliyense womugulira mowa akumuimbira. Amene anaonera sewero anakalamba, ena anamwalira, ena anaiwala. Inangotsala kuti ndi nyimbo ya a Eli.

Ndiye mu 1968 kunatulukira Dokotala Lionel Marchbank, mphunzitsi wa ku yunivesite, wa kandevu kosongoka ndi makina ojambulira mawu. Ankayenda m'midzi kufunafuna nkhalamba zoimba nyimbo zakale. Atamva Eli akuimba mawu a m'sewero la zaka mazana atatu, ati anachita kunjenjemera. Anamufunsa kumene anaiphunzira. Eli anayang'ana tambula yake yopanda kanthu, n'kuyang'ana mlendo, n'kunena kuti anamuphunzitsa ndi agogo ake, amenenso anaphunzira kwa agogo awo. Tambula inadzaza.

Chaka chisanathe, buku linatuluka. Tsekwe Wotsimphina wapezeka, wasungidwa pakamwa pa anthu wamba zaka mazana atatu. Masamba makumi awiri ofotokoza mzere woyamba wokha, kuti ati muli chisoni cha anthu a m'nthawi ya mafumu akale. Winifred anandiwerengera ali chiimire pakhomo panga. Ine ndinkamva bambo wa nsomba yekhayekha.

Dokotalayo atabwera kudzalankhula mu holo yathu, tinapita tonse awiri. Nthawi ya mafunso Winifred anaimirira, chipewa chili chilili.

"Pepani adokotala, chuni chimenecho si chakale. Ndinapeka ndine, mu 1936. Ndinalakwa kusanena nthawi yomweyo."

Dokotala anamwetulira ngati akulankhula ndi mwana wodwala.

"Mayi, dzina lanu ndani? Mayi Gossage. Zimenezi timakumana nazo kawirikawiri, mayi Gossage. Munthu amamva nyimbo ali khanda kumsana, n'kuiwala. Ikadzatulukira atakula, amayesa wapeka yekha. Si bodza ayi, musadandaule. Ndipotu mwatithandiza, mwatsimikiza kuti chunichi chinalipo m'dera lino."

Apo ine magazi anawira. Ndinaimirira.

"Abwana, ine ndinalipo. Poyambirapo ndi pa bambo wogulitsa nsomba. Potsatirapo ndi geti langa. Likadalipo, tiyeni mukalimve."

Anthu anaseka chikhakhali, ena mpaka kupukuta misozi. Anthu omwewo, amene theka la iwo amayi awo analira mu holo yomweyo mu 1936. Palibe ndi mmodzi yemwe anafuna kukumbukira. Tauni yathu inali isanatchulidwepo m'buku, ndipo sakanalola amayi awiri okalamba awalande ulemu umenewo.

M'mawa mwake tinamupeza Eli akuothera dzuwa pa benchi panja pa bala. Winifred ndiye anayamba.

"A Eli, agogo anu aja anakuphunzitsani liti? Si munkakoka katani inu, n'kuigwetsera pamutu pa mtsikana woimbayo?"

"Iwe Winnie, usandiumitse khosi m'mawa uno. Nyimbo ili ndi chiphaso chobadwira? Munthu wabwera kuchokera kutali, akufuna agogo. Ndimubweze chimanjamanja?"

"Mwanamiza dziko lonse."

"Ndayamba ndine? Pa kapepala paja analembapo chiyani? Iwe unatsutsa?"

Tinabwerera kunyumba osalankhulana, ndipo tsiku limenelo piyano sinalire.

Wina akanagwa mphwayi. Iye anapuma pa ntchito n'kuwonjezera maulendo, miyendo itayamba kale kutupa. Nyimboyo inali paliponse tsopano, pa wailesi, m'masukulu, m'maukwati. Ikayamba kulira m'sitolo, ankasiya dengu pomwepo n'kutuluka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1973, m'mudzi wina wa kumapiri ankagulitsa katundu wa mlimi amene anamwalira. Winifred anapitako chifukwa anamva kuti makolo a mlimiyo anali oimba zeze m'madansi. Mabuku a nyimbo sanawapeze. Koma anatsegula bokosi lina lamatabwa losungiramo mabulangete, n'kuona kuti mkati mwake anamatamo mapepala akale, monga ankachitira anthu pofuna kutseka ming'alu. Anali masamba a kabuku ka nyimbo kolemba pamanja. Pansi pa chivundikiro, chozondoka, panali dzina lija la Tsekwe Wotsimphina ndi mizere inayi ya manotsi a chuni.

Anabwera nalo bokosilo pa lole ya mkaka. Sanavule n'chipewa chomwe. Ndinangomva piyano kuseri kwa khoma, chuni chachilendo, chouma, chopanda shuga. Pa mzere wachitatu chinkaphonya phazi, ngati munthu woponda pamene akuyesa pali sitepe koma palibe. Ndinayesa walakwitsa. Anabwereza, chinaphonyanso pomwepo. Kenako anaikamo mawu ndi liwu lake losasa lija, ndipo ndinamva kuti pophonyapo ndi pamene mtsikana amatchula dzina la bwenzi lake, mawu n'kumukanika. Tsekwe ankatsimphinadi. Ndinakhala pansi, simbi n'kupsereza pilo ya eni.

Anagogoda khoma.

"Hilda, wamva?"

"Ndamva."

"Si chokoma ngati chija."

"Ayi. Koma mulibe nsomba."

Ndinamumva akuseka, kenako kusekako kunasanduka china.

Analembera Dokotala Marchbank kalata ya masamba asanu ndi limodzi, kumupempha abwere adzaone yekha. Yankho linabwera patatha miyezi itatu, mizere isanu. Ati zikomo, zikuoneka kuti woimba zeze wina wosaphunzira anachilemba molakwika chuni chenicheni, chimene mwamwayi tili nacho kale kuchokera kwa a Pugh. Kubwera sanabwere. Analembera ena awiri, iwo n'kumuuza kuti katswiri wa nkhaniyi ndi Dokotala Marchbank, alembere iyeyo. Anthu ophunzira amatetezana ngati akuba.

Chaka chotsatira, mu Okutobala, Winifred anagona osadzukanso bwino. Ndinkamuphikira phala n'kumutembenuza. Tsiku lina anandigwira dzanja.

"Bokosi lija ndi lako. Usalole alitaye. Tsiku lina kudzabwera wina wamakutu."

Pa maliro ake tchalitchi chinadzaza kuposa mmene ndinkayembekezera. Abusa ananena kuti malemuwa anapereka moyo wawo wonse pofufuza chuni chakale cha m'tauni yathu, ndipo Mulungu anawalola kukhala ndi moyo mpaka kuchimva chitapezeka. Atatero anakodola woimba limba. Limba linayamba, ndipo bambo wa nsomba analowa m'tchalitchi, geti langa likumutsatira. Anthu anaimba mokweza, Eli Pugh patsogolo, mpango uli m'manja. Anamutulutsa Winifred ndi bodza limene anakhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu akuyesa kulichapa. Ndinafuna kulavula, koma munali m'nyumba ya Mulungu.

Nyumba inatsala m'manja mwa Clive, mwana wa mchimwene wake, bambo wogulitsa magalimoto amene ankabwera kamodzi pa chaka. Ndinamuuza kumanda komweko kuti bokosi la m'chipinda ndi langa, pamodzi ndi mabokosi a nsapato.

"Musadandaule amayi, zonse zili m'manja mwanga," anatero akuyang'ana wotchi.

Apa ndiye pamene ndimadzida. Mwana wanga ananditenga kuti ndikapume kwake masiku atatu, ine n'kuvomera. Ndinabwerera pa 6 Novembala. Dzulo lake linali tsiku la moto waukulu uja timayatsa chaka chilichonse pabwalo, umene anthu amasonkhera mipando yothyoka ndi chilichonse choyaka. Nyumba ya Winifred inali mbee. Clive anali atapereka zonse ku motowo, ati zinali zinyalala zodzaza njenjete, ndipo bokosi langa lija ankayesa ndikunena la zosokera, limene anandisiyira bwinobwino pakhomo. Ndinapita pabwalo. Phulusa linali likufukabe. Ndinatokosa ndi ndodo mpaka ndinapeza mahinjesi awiri ndi loko.

Madzi akatayika sawoleka, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti chuni chikadalipo. Ndinachimva pakhoma tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu. Ndinapita kwa woimba limba uja, munthu wofatsa, n'kumupempha atenge pensulo alembe zimene ndiimbe. Anavomera. Ine sindine woimba, koma mzere woyamba unatuluka, iye n'kulemba. Wachiwiri unatuluka. Ndinakoka mpweya kuti ndifike pophonya phazi paja, ndipo pakamwa panga panatuluka china, chosalala, chotsekemera. Ndinaima n'kuyambiranso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinatseka maso, ndinaona chipewa cha Winifred, ndinafika pa mzere wachitatu, lilime n'kutsetserekera komwe kuja.

Woimba limba anaika pensulo pansi mwaulemu.

"Mayi Prosser, koma imeneyi ndi ija timaidziwa tonse ija."

Geti lija ndinalizula sabata yomweyo n'kukalitaya. Sizinathandize. Mpaka lero ndimayesa ndikamasita, mizere iwiri imabwera, wachitatu umakana. Ndipo posachedwapa ndayamba kukayikira ngati wachiwiriwo uli wa tsekwe kapena ndi wa geti.