Zitini za simenti zikanandipha m'chipinda chokhoma

"Ngati mwatopa nawo moyo, bambo a Lusungu, neneranitu ndikauze abale anu ku Dowa, osati muzidzikhomera m'chipinda ngati mbava!"

Anakalipa chomwecho mkazi wanga Loweruka lina m'mawa, mbale ya phala ili m'manja. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Ndinakankha mbaleyo, phala n'kutayikira pansi, ndipo ndinamuuza kuti nyumba ndi yanga, thupi ndi langanso. Inu owerenga, tsiku limenelo ndikanafa, ndipo wondipha sakanakhala wina ayi koma mtima wanga wapachala ndi manyazi opanda pake.

Zinachitika ku Kawale, ulamuliro wa zipani zambiri utangoyamba kumene. Ndinkagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Kanengo. Ndinali munthu wathupi, woti ndikakwera minibasi kondakitala ankadandaula kuti ndadya malo a anthu awiri. Kenaka linayamba ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, malaya n'kuyamba kukhwepa. Lamba ndinachita kumuboola ndi msomali. Kuchipatala anandipeza ndi matenda a shuga. Anandipatsa mapiritsi, ndipo adokotala anandilangiza kuti ndizidya pa nthawi yake, ndiziyenda ndawala pang'ono tsiku lililonse, ndisamalimbitse thupi m'mimba mulibe kanthu, m'thumba muzikhala maswiti, komanso anthu oyandikana nawo adziwe vuto langa.

Sindinganame kuti sindinamve. Sukulu ndinafika nayo Fomu 4, Chingerezi cha adokotala sichinandiphonye ngakhale liwu limodzi. Koma inu amene munaliko zaka zimenezo mukukumbukira tanthauzo la kuonda. Maliro anali osatha. Munthu akangotsika thupi, nkhani inkamveka Kawale yense kuti uje wayamba ulendo. Choipa china, ambiri odwala matenda oondetsa aja ankanamizira shuga kapena chifuwa chachikulu, ndiye ukanena kuti uli ndi shuga anthu ankangogwedeza mutu mwaulemu, ukapotoloka n'kutsinana. Tsiku lina pa bawo mnzanga wina anati ndayamba kusowa m'shati. Ndinamugwira pakhosi, anthu anachita kutileretsa.

Kuchokera pamenepo ndinamuletsa mkazi wanga kuuza munthu aliyense, ngakhale abusa. Zoyenda pamsewu ndinakana. Ine, bambo wa ana anayi, ndizizungulira Kawale thukuta lili kamukamu kuti anthu azindiwerenga nthiti? Ndinaganiza zobweza thupi langa lakale mwakachetechete kuti olankhula atseke pakamwa. Ku Mchesi ndinagula paipi yachitsulo ndi zitini ziwiri za penti, n'kuthiramo simenti, monga amachitira anyamata onyamula zitsulo. Ndinkazibisa kunsi kwa bedi. M'mawa ndinkakhoma chitseko cha kuchipinda, kutseka makatani, n'kuyamba kunyamula mpaka m'maso mutachita mdima. Mkazi wanga anaona kangapo ndikutuluka manja akunjenjemera, kapu ya tiyi ikugwedera. Mkangano wa Loweruka lija unachokera pamenepo.

Piritsi ndinali nditameza kale. Phala linali pansi. Mkazi wanga anakolopa, natenga ana kupita kukasesa kutchalitchi. Ine ndinalowa kuchipinda, n'kukhoma, kiyi n'kumusiya pachitseko. Ndi ukali umene ndinali nawo ndinanyamula chitsulocho kuposa masiku onse, ndikutukwana chamumtima.

Choyamba chinali thukuta lozizira, losiyana ndi la ntchito. Kenaka mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutulukira kukhosi, milomo n'kuchita dzanzi. Ndinadziwa chimene chikuchitika, poti adokotala anandiuza: shuga wa m'magazi watsika. Maswiti anali m'jekete, jeketeyo ili pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinkaiona. Ndinati ndiponye phazi, mwendo unakana. Ndinagwa, chipumi n'kumenya mkombero wa chitini, paipi n'kugwera pasimenti ndi phokoso lalikulu.

Abale anga, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Ndinagona chammbali, magazi akulowa m'diso, ndikumva wailesi ya kuseri kwa khoma ndi mayi wina akuitanira tomato pamsewu. Dziko likuyenda bwinobwino, ine ndikutha. Ndinayesa kukuwa, lilime linali ngati chigamba. Ndinaganiza za Lusungu, mwana wanga woyamba, amene anali pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8. Ndinaganizanso kuti akadzandipeza nditauma, palibe adzakhulupirire za shuga, ndipo mkazi wanga adzakhala wolozedwa chala moyo wake wonse pa matenda amene analibe.

Nyumba yathu inali yogundizana khoma ndi ya banja la a Nyirenda. Mayi Nyirenda ndiwo anamva kugwa kwa chitsulo. Anagogoda, anaitana, kenaka anasuzumira pampata wa katani n'kuona miyendo yanga. Anaitana azibambo amene anali pafupi, ndipo anathyola chitseko.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Chitseko chinatseguka, anthu anadzaza chipinda, koma palibe anadziwa chochita. Ndinkawamva ngati ali kutsidya la mtsinje. Wina anati ndaledzera. Wina anati ndi khunyu, asake supuni. Ndiye ndinamva mawu a bambo wina amene ndinkapemphera naye, akunena motsitsa:

"Magaziwo musawagwire ndi manja. Mwaona mmene waonderamu."

Onse anabwerera m'mbuyo. Wina anapita kukafuna majumbo oti avale m'manja. Sindikuwada anthu amenewo, nthawi yake inali yoopsa, ndipo amene anawabisira zoona ndine. Mankhwala oti andipulumutse anali m'kabati pabalaza, shuga wamba wothira mu tiyi, koma akanadziwa bwanji? Zitatero ndinazimiririka.

Zotsalazo ndinachita kuuzidwa. Mayi Nyirenda anathamanga wapansi mpaka kutchalitchi, chitenje chili m'manja. Mkazi wanga anafika akupuma mwabefu, anakankha azibambo aja, n'kunena mokweza zimene ndinamuletsa kunena. Ananyowetsa shuga n'kumandipaka m'nkhama ndi m'masaya ndi chala chake, magazi anga ali mikono yonse. Bambo Nyirenda anapempha galimoto ya munthu wina wogulitsa makala, ndipo ananditengera kuchipatala nditagona pa matumba. Ndinatsitsimuka ndili ndi diripi pamkono. Adokotala atamva za zitini zija sanandinyengerere. Anati anthu aja akanachedwa nane pang'ono, ndikanapita, kapena ndikanadzuka mutu utasokonekera osazindikiranso ana anga.

Mpaka lero ndikamva thukuta lozizira pamsana, mtima umandithawa. M'bafa sindikhomanso chitseko.

Tsono inu owerenga, makamaka azibambo anzanga a mitima yothamanga, ndimvereni. Ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena nthenda ina yokhalitsa, kulimbitsa thupi n'kwabwino, koma yambani ndi zimene achipatala akuuzani, osati zimene mwaona kwa anyamata a zaka makumi awiri. Musameze piritsi n'kukana chakudya chifukwa mwayambana ndi akazi anu. Mkwiyo sulowa m'malo mwa chakudya. Musadzikhomere. Ndipo uzani anthu okuzungulirani chimene mukudwala ndi chimene angachite mukagwa. Adzakunenani, inde. Ine anandinena ndikubisa, akanandinenanso pamaliro. Koma munthu amene akudziwa vuto lako, ngakhale akhale wamiseche, akhoza kukutola. Amene sakudziwa amaima pakhomo n'kumakuyang'ana.

Atanditulutsa m'chipatala, m'mawa mwake ndinavala nsapato zofewa, bandeji ili pachipumi, n'kuyamba kugogoda makomo a mzere wathu. Khomo lililonse ndinanena zomwezo: ndili ndi shuga, mukadzandipeza ndagwa mudzandipake shuga m'kamwa n'kuthamangira nane kuchipatala. Ena anandikhulupirira, ena ndinaona m'maso mwawo kuti ayi. Nditafika kwa a Nyirenda, bamboyo anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kumene ndikulowera. Ndinati ndikungoyenda, adokotala anatero. Analowa m'nyumba, natuluka atavala nsapato. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pachigayo, ndipo pamenepo ndinawauza kuti kwa lero pakwana, tibwerere.