Mapazi pa Phulusa Kuseri kwa Chigafa

M'chilimwe cha 2012, chaka chija zitsime za kudambo zinaphwa Okutobala asanafike pakati, nkhuku zinayamba kusowa pamudzi wina kumadzulo kwa Kabudula. Nkhukuzo zinali za a Mariya, koma amene anasowa nazo mtendere anali alamu awo, a Ezeliya.

A Ezeliya anali mtengwa. Kwawo kunali ku Kasiya, ndipo anabwera pamudzipo pa 24 Ogasiti 1991, tsiku limene anamanga ukwati ndi a Jacob, mlongo wa a Mariya. A Jacob anamwalira pa 9 Febuluwale 2012, nasiya nyumba, munda, mwana wamkazi wa kusekondale dzina lake Pilirani, ndi galu wofiira wotchedwa Ndatopanazo. Mtengwa akaferedwa amakhala pamudzi mwa chifundo cha abale a mwamuna. Panalibe amene anali atawauza kuti anyamuke, komanso panalibe amene anali atawauza kuti akhale.

Mathadzi a a Mariya ankakonda kuikira m'udzu kuseri kwa chigafa cha fodya. Litasowa lachitatu, a Mariya anafika pakhomo pa alamu awo nthenga zili m'manja.

"Alamu, kodi galu wanuyu akunenepa ndi chiyani chilimwe chino, anthufe tikuwonda?"

"Amadya gaga, alamu."

"Gaga wa nthenga, eti?"

Nkhani inafika kwa a Enock, mkulu wawo wa a Jacob ndi a Mariya, amene anali atangotuluka kumene m'chipatala ndi chifuwa. Iwo sanakweze mawu.

"Pamudzi pano sitinasungepo galu wakuba. Ngati wakukanikani, alamu, mwina ku Kasiya kuli malo a nonse awiri."

A Ezeliya anamva bwino lomwe kuti sakunena za galu yekha. Anagwada, nati, "Ndamva, alamu. Ndipempheko zinthu ziwiri. Galuyu agone kwanu lero, mumumangirire nokha. Ndipo alamu angawa mawa asasese."

"Ndisasese ine?" anatero a Mariya. "Opita kudambo adzati a Mariya adwala, kapena ulesi wawagwira muukalamba!"

Kudabwa kwawo kunali komveka. A Mariya ankadziwika mudzi wonse kuti tsache lawo limadzuka tambala asanatsike, ndipo pabwalo pawo pankakhala mizere yosalala mpaka kuseri kwa chigafa. Tsiku lililonse nkhuku ikasowa, iwo ankatola nthenga, n'kusesa bwinobwino mapazi onse a wakubayo anthu asanadzuke. A Ezeliya anali atazindikira zimenezi. Bambo awo analibe mwana wamwamuna, choncho pautsikana wawo anaweta ng'ombe m'madambo a ku Kasiya, ndipo kumeneko anaphunzira kuwerenga dothi.

Dzuwa litapendeka a Ezeliya anatsekera mathadzi otsala m'khitchini, nasiya mazira awiri pachisa. Kenaka anatenga sefa ya ufa n'kusefa phulusa kuzungulira chigafa ndi m'kanjira kotsikira kudambo.

Lachiwiri, pa 16 Okutobala, atatuwo anakumana pachigafa dzuwa likutuluka. A Mariya anali atagwira tsache, koma osaligwiritsa ntchito. Mazira kunalibe. Paphulusa panali mapazi ang'onoang'ono, opyapyala, osongoka kutsogolo, ondondozana mzere umodzi ngati wina wasoka ndi singano.

"Si mapazi a galu amenewa?" anafunsa a Enock.

"Mumasuleni muone," anayankha a Ezeliya.

A Enock anakatenga Ndatopanazo, amene anagona womangirira pamtengo wa khonde lawo, n'kumudutsitsa pambali pa mzere uja. Mapazi ake anali aakulu, obulungira, zala zotayana, ndipo anangoti mbwee paliponse.

"Galu amayenda ngati munthu wochokera kumowa," anatero a Ezeliya, "apa wanunkhiza, apo wakhota. Koma uyu amayenda ngati mayi wa Mvano wochedwa kumapemphero. Phazi lam'mbuyo amaponda pomwe paponda lakutsogolo."

Anatsata kanjira kaja mpaka pachulu, pomwe anapeza ndowe. A Ezeliya anaziphwanya ndi kamtengo. Munali tinthenga ndi nthanga za maula.

"Galu wanga anayamba liti kutola maula? Iyi ndi nkhandwe, alamu."

A Mariya anakhala pansi pomwepo, dzanja lili pakamwa. Kenaka anati, "Musaitchule. Ndinaimva ikulira kudambo sabata yatha." Anayang'ana mlongo wawo, misozi ikulengeza. Onse ankadziwa zimene akale ankanena, kuti nkhandwe ikalira pafupi ndi mudzi ndiye kuti kukubwera maliro. Pokhala a Enock ankatsokomola choncho, kunali kopepuka kwa a Mariya kunena galu kusiyana n'kuvomera zimene makutu awo anamva.

A Enock anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. "Ndiye iwe Mariya umafuna galu wa Jacob afe kuti ine ndichire?"

"Nyengo ino nkhandwe imakhala ndi ana kuuna," anatero a Ezeliya. "Ikufuna chowadyetsa. Ingadzere alamu angawa, mafupa okhaokha, kusiya thadzi lonona?"

"Mwamva mwano wa ku Kasiya?" anatero a Enock, akupukuta m'maso. Anamasula chingwe m'khosi mwa galu. Atayenda pang'ono anacheuka. "Kodi munda wa Jacob uja mwayamba kusosa, alamu? Mvula ili pafupi. Ndipo kachigawo kakumunsi kaja chaka chamawa mudzadzalemo mtedza, chimanga chakatopetsa."

A Ezeliya anamva tanthauzo lake. Munthu amene ukumuthamangitsa sumuuza zoti adzadzale chaka chamawa.

Sabata yomweyo anamanga khola la m'mwamba, lamiyendo italiitali ndi makwerero ochotsa madzulo, ndipo anagwirizana kuti nkhuku zizitsegulidwa dzuwa litakwera. Nkhandwe inabweranso kangapo. A Ezeliya anaiona ndi maso kamodzi kokha, mbandakucha akupita kudimba: yotuwa, makutu ali chilili, mzere m'nthiti, nsonga ya mchira yoyera. Inawayang'ana, n'kulowa m'tsekera osathamanga. Mvula itagwa sinaonekenso. A Enock anachira, ndipo anakhala ndi moyo mpaka pa 3 Meyi 2021.

Mbiri inamveka m'midzi yoyandikana. Nkhuku zikasowa, anthu ankabwera kudzawatenga a Ezeliya, ndipo iwo ankapita ndi sefa m'manja. Sikuti nthawi zonse ankapeza nkhandwe. Mu 2015 anapeza kuti wolakwa ndi galu wa mkulu wa mpingo, ndipo mkuluyo anatha mwezi osawapatsa moni. Kwina anapeza fisi, wa phazi lalikulu kutsogolo ndi laling'ono kumbuyo, nauza eni mudzi kuti asiye za nkhuku ayambe akonza khola la mbuzi. Pamudzi wina anangoyang'ana pansi n'kuseka, chifukwa mapazi a wakubayo anali a nsapato.

Munda wa a Jacob anaulima zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mtedza wa m'menemo ndiwo unamalizitsa Pilirani sukulu ya uphunzitsi. Mawondo atayamba kukana khasu, Pilirani, amene tsopano ankaphunzitsa ku Njewa, anawamangira chipinda kumbali kwa nyumba yake. A Mariya anakana kwa miyezi itatu.

"Mukupita kuti, alamu? Kuno n'kwanu. Ndizikangana ndi ndani ine?"

Potsiriza iwo omwe ndi amene anamanga katundu, nakwera nawo galimoto kukawaperekeza mpaka pakhomo pa Pilirani. A Ezeliya anachoka pamudzipo Loweruka, pa 17 Juni 2023.